Manoti atatu okha: mafunso ndi mayankho pa kupeka solo ya jazz pa gitala

Woimba gitala amene wangoyamba kuphunzira jazz kawirikawiri amauzidwa kuti aloweze ma scale: Dorian apa, Mixolydian apo, Ionian uko. Amalowezadi, zala n'kuzolowera. Koma tsiku loimba ndi anzake, nyimbo ikayamba kusintha ma chord pa bar iliyonse, solo yake imangodziyendera yokha, bandi ili kwina. Ine ndimakhulupirira kuti mankhwala a vutoli ali kale m'zala za aliyense amene anaimbapo gitala kutchalitchi kapena pa ukwati. Ndi ma triad, komanso luso lolumikiza triad imodzi ndi inzake.

Kodi triad n'chiyani?

Ndi chord ya manoti atatu. Yoyamba ndi noti imene chord yatengako dzina, imene oimba amaitcha root. Zinazo ndi noti yachitatu ndi yachisanu mukamawerenga chokwera kuchokera pa root. Amene anakulira m'kwaya amaidziwa kale, ndi do, mi, so. Mu kiyi ya C ndi C, E, G.

Ma triad alipo a mitundu 4, ndipo mungawayeze pa nsambo imodzi. Mukachoka pa root n'kukwera ma fret 4, kenako 3, mwapanga major. Mukayamba ndi 3 kenako 4, ndi minor: C, Eb, G. Ma fret 3 ndi 3 ena amapereka diminished, C, Eb, Gb, yomveka yothina. Ma fret 4 ndi 4 ena amapereka augmented, C, E, G#, imene imasiya khutu lili m'malere.

Koma jazz ili ndi ma chord akuluakulu monga Cmaj7, Dm9 ndi G13. Manoti atatu angakwanire bwanji?

Ambiri amaganiza kuti triad ndi ya ongoyamba kumene, ndipo munthu akakhwima amaisiya. Si zoona. Chord yaikulu iliyonse ndi ma triad osanjikizana. Cmaj7 ili ndi C, E, G, B. Bisani C ndi chala papepala, mutsala ndi E, G, B, imene ndi E minor. Dm7 ili ndi D, F, A, C, ndipo mukachotsa D mutsala ndi F major. G7 ili ndi G, B, D, F, pamwamba pake pali B diminished. Bm7b5, imene dzina lake lokha limaopseza ophunzira, ndi D minor yokhala pamwamba pa B basi.

M'bandi root ili kale ndi mwini wake, woimba besi. Mukaibwereza pa gitala simunawonjezere kanthu. Koma mukaimba triad yoyambira pa noti yachitatu ya chord, mwagwira noti yachitatu ndi ya 7, ziwiri zimene zimauza khutu ngati chord ndi major, minor kapena dominant. Besi akaika root pansi, womvera amamva chord yonse ngakhale inu mwaimba manoti atatu.

Mungathe kukweranso. Pa Cmaj7, triad ya G major imapereka 5, 7 ndi 9. Ya D major imapereka 9, #11 ndi 13, phokoso lowala limene amalikonda pothera nyimbo. Pa Dm7, A minor imapereka 5, b7 ndi 9, pamene C major imafika mpaka pa 11.

Bwanji osangoimba scale ya kiyi imene nyimbo ilimo?

Chifukwa scale sisankha. Tengani mndandanda umene uli paliponse mu jazz, Dm7, G7, Cmaj7, wotchedwa ii-V-I. Ma chord atatu onsewa amachokera mu C major, choncho D Dorian, G Mixolydian ndi C Ionian ndi manoti 7 omwewo, kungosintha poyambira. Munthu akhoza kuthamanga nawo chokwera ndi chotsika popanda noti yolakwika ngakhale imodzi, koma womvera sadziwa pamene Dm7 yathera ndi pamene G7 yayambira. Zili ngati kufunsidwa dzina la mwana mmodzi, inu n'kuyamba kuitana kaundula wa kalasi yonse.

Ndiponso mu scale muli manoti okangana ndi chord. Kuima pa F pamene bandi ili pa Cmaj7 kumakwecha khutu, chifukwa F yatsamira pa E. N'chimodzimodzi kuima pa C bandi ili pa G7. Triad yosankhidwa bwino imakupewetsani zimenezi yokha. Sindikunena kuti scale itayidwe. Manoti ake ndi odutsira pakati pa manoti a triad, ndipo amamveka bwino kwa munthu amene akudziwa kumene akukatera.

Ndiyambire pati pa gitala penipeni?

Yambani ndi nsambo zitatu zoonda, G, B ndi E. Triad iliyonse ili ndi magwiridwe atatu, kutengera noti imene ili pansi. C major ndi iyi. Root ili pansi: fret 5 pa G, 5 pa B, 3 pa E. Noti yachitatu ili pansi: fret 9, 8, 8. Noti yachisanu ili pansi: fret 12, 13, 12, kagwiridwe komwe kaja ka D major kamene aliyense anaphunzira sabata yake yoyamba, kungokasunthira kutsogolo. Mukatsitsa noti ya E ndi fret imodzi pa kagwiridwe kalikonse, mwapeza C minor.

Kenako chitani zomwezo pa nsambo D, G, B, kenako A, D, G, n'kumalizira E, A, D. Magwiridwe atatu pa magulu 4 a nsambo ndi 12, ndipo awiri omalizawo amafanana maonekedwe. Ena amasiyana chifukwa cha mmene gitala imachunidwira. Nsambo zonse zimatalikirana ma fret 5, kupatula G ndi B zimene zimatalikirana 4, ndiye kagwiridwe kalikonse kodutsa pamenepo kamapindika.

Pogwira, tchulani mokweza dzina la noti imene ili pansi pa chala chilichonse. Gitala imanyenga. Munthu akhoza kuimba zaka zambiri akungoona zithunzi za zala, osadziwa kuti chala chakuti chili pa noti yachitatu. George Van Eps, amene anadziwika ndi gitala ya nsambo 7, ankaphunzitsa kuti manoti atatuwa tiziwamva ngati oimba atatu, aliyense ndi njira yake.

Chord ikasintha, dzanja lipite kuti?

Pafupi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri amataya njira. Amadziwa triad imodzi ya F pa fret 1 ndi ina ya G pa fret 3 kapena 10, ndiye chord ikasintha dzanja limalumpha, mzere wa nyimbo n'kuduka. Chofunika n'kufunsa kuti: pa noti imene ndaimapoyi, noti yapafupi kwambiri ya chord ikubwerayi ndi iti?

Yesani izi pa Dm7, G7, Cmaj7. Pa Dm7 gwirani F major pa fret 5, 6, 5, manoti ake C, F, A. G7 ikafika, bwezani dzanja lonse fret imodzi, 4, 5, 4. Imeneyo ndi E major, B, E, G#. Pa Cmaj7 sunthani chala chimodzi chokha, 4, 5, 3, ndipo mwafika pa E minor, B, E, G. Pa nsambo yoonda pamveka A, G#, G, kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukafika kwawo. Dzanja layenda fret imodzi, koma aliyense m'chipindamo wamva ma chord atatu akusintha. Muimbe kaye ngati ma chord, kenako muwamasule noti imodziimodzi.

Nyimbo yabwino yophunzirira zimenezi ndi Autumn Leaves, imene Joseph Kosma anapeka ku France m'ma 1940. Oimba jazz ambiri amaiimba mu G minor, monga anachitira Cannonball Adderley ndi Miles Davis pa chimbale cha Somethin' Else cha 1958. Ma chord ake oyamba ndi Cm7, F7, Bbmaj7, Ebmaj7, Am7b5, D7, Gm. Mukatenga triad yoyambira pa noti yachitatu ya chord iliyonse mupeza Eb major, A diminished, D minor, G minor, C minor ndi F# diminished. Tsopano onani chimene chikuchitika. Noti yapamwamba ya Eb major ndi Bb, ndipo ikatsika fret imodzi yafika pa A, root ya triad yotsatira. Pamwamba pa A diminished pali Eb, imene imatsikira pa D. Kenako A imatsikira pa G, D pa C, G pa F#, ndipo C imakapumira pa Bb ya Gm. Nthawi iliyonse noti ya 7 ya chord imagwera pa noti yachitatu ya chord yotsatira. Kayendedwe kameneka ndi kamene kamachititsa solo kumveka kuti yamamatira ku nyimbo. Muike noti yoterayo pa biti yoyamba ya bar yatsopano, zina zonse zikhoza kukhala zophweka.

Kodi sizimveka ngati munthu akungoyeserera?

Zimamveka choncho mukamaimba root, 3, 5 chokwera pa bar iliyonse ndi kugunda kofanana. Vuto pamenepo si triad. Yambirani pa noti yachisanu n'kutsika. Lumphani nsambo. Lowani pakati pa biti, ndipo muzisiya mpata wopumira ngati woimba lipenga.

Njira yakale kwambiri yokometsera triad ndi kuzungulira noti musanaigwire. Mukufuna E? Imbani F, kenako D#, n'kutera pa E. Kapena ingoyambirani fret imodzi pansi pa noti iliyonse: B kupita C, D# kupita E, F# kupita G. Manoti atatu aja asanduka 6 kapena 9, koma khutu likumvabe C major, chifukwa manoti a triad ndi amene akugwa pa biti.

Django Reinhardt anamanga luso lake lonse pamenepa. Moto umene unabuka m'ngolo imene ankakhalamo mu 1928 unamupuwalitsa zala ziwiri za dzanja lamanzere, ndipo ma solo ake ambiri ankawaimba ndi chala cholozera ndi chapakati. Mvetserani Minor Swing ya 1937, imene anajambula ndi Stéphane Grappelli. Ma chord ake ndi atatu, Am, Dm ndi E7, ndipo mutu wa nyimboyo ndi triad yomasulidwa. Ku America, Charlie Christian, amene analowa bandi ya Benny Goodman mu 1939 ndi gitala yamagetsi ya Gibson ES-150, ankatulutsa mizere yake m'magwiridwe ang'onoang'ono a ma chord, n'kumawakongoletsa ndi manoti oyandikana nawo. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 25, koma Wes Montgomery wa ku Indianapolis anayamba ntchito yoimba ataloweza ma solo a Christian noti ndi noti. Palibe amene anamverapo anthu atatuwa n'kunena kuti akuyeserera.

E major pa G7 ija yandidabwitsa. G# mulibe mu kiyi ya C. Zikutheka bwanji?

Chord ya dominant, monga G7, ndi chord yosakhazikika, ntchito yake ndi kukankhira nyimbo ku chord yotsatira. N'chifukwa chake imalola manoti achilendo kuposa chord ina iliyonse. Pa G7, E major imapereka B, imene ndi noti yachitatu, E, imene ndi 13, ndi G#, imene ndi b9. Woimba piyano akanaitcha G13b9. Inu mwangogwira kagwiridwe ka D major pa fret 4.

Pali ena. Db major imapereka b5, b7 ndi b9. Eb major imapereka b13, root ndi #9. Ab minor, imene ine ndimaikonda kuposa onse pobwerera ku C minor, imapereka b9, noti yachitatu ndi b13, ndipo n'njosavuta kuikumbukira: triad ya minor, fret imodzi pamwamba pa root ya chord. Palinso mphatso imene gitala imatipatsa. Ma triad a major a G, Bb, Db ndi E onse amachokera mu scale imodzi ya diminished ndipo amatalikirana ma fret 3, ndiye kagwiridwe kamodzi mukhoza kumakasuntha ma fret atatuatatu pa G7 yomweyo.

Koma samalani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, manoti amenewa ndi ngongole, ayenera kubwezedwa chord yotsatira ikafika. Ab itsikire pa G, Eb ipite ku E kapena D. Mukawasiya m'malere amamveka ngati mwaphonya fret. Chachiwiri, si dominant iliyonse imene ikuthamangira kwawo. Mu Take the "A" Train ya Billy Strayhorn, imene bandi ya Duke Ellington inajambula mu 1941, bar yachitatu ndi yachinayi zimakhala pa D7 ndipo nyimboyo imaima pa G#. Pamenepo triad yoyenera ndi ya major yokhala ma fret awiri pamwamba pa root, E major pa D7, yopereka 9, #11 ndi 13. Imawala popanda kukankha.

Nanga nyimbo imene imakhala pa chord imodzi nthawi yaitali?

So What ya Miles Davis, ya pa Kind of Blue ya 1959, imakhala pa D minor ma bar 16, n'kukwera ku Eb minor ma bar 8, n'kubwerera ku D minor ma bar 8 ena. Palibe ma chord okutsogolerani, ndiye kuyenda muyenera kukupanga nokha. Apa ndi pamene oimba amagwiritsa ntchito ma triad awiri opanda noti yofanana. Pa Dm7 tengani F major ndi G major: F, A, C kenako G, B, D. Muziwasinthanitsa mukukwera magwiridwe atatu aja, F, G, F, G. Pamodzi ndi manoti 6, pafupifupi scale yonse, koma samveka ngati scale chifukwa mzere ukuyenda modumpha. Nyimbo ikapita ku Eb minor, zonse zikwere fret imodzi. Oimba saxophone Walt Weiskopf ndi Gary Campbell analemba mabuku okhudza njirayi, ndipo imagwiranso pa dominant: Db ndi Eb pa G7 yofuna kubwerera kwawo, G ndi A pa G7 yongokhala.

Pa nyimbo zothamanga, munthu angapeze nthawi yoganiza zonsezi?

Sangaipeze, ndipo n'chifukwa chake triad imaposa scale pamenepa. Giant Steps, imene John Coltrane anajambula mu 1959, imathamanga pafupifupi mabiti 300 pa mphindi, ma chord ambiri amakhala mabiti awiri okha, ndipo imazungulira makiyi atatu otalikirana, B, G ndi Eb. Pa chord iliyonse muli ndi malo a manoti 4. Coltrane mwiniwake pa solo yake anadalira kwambiri ma triad ndi kamzere ka 1, 2, 3, 5, kamene ndi triad yowonjezerako noti imodzi yodutsira.

Ma chord asanu oyamba ndi B, D7, G, Bb7, Eb. Papepala amaoneka osagwirizana. Koma B major ndi D major onse ali ndi F#. D ndi G onse ali ndi D, G ndi Bb nawonso ali ndi D, Bb ndi Eb onse ali ndi Bb. Pa kusintha kulikonse noti imodzi imakhala pomwepo, ziwiri zinazo zimasuntha fret imodzi kapena awiri. Yambani pa liwiro loti mungayendere wapansi, muone mmene nyimbo yoopedwayi imakwanira pa malo amodzi a gitala.

Ndimaimba gitala ya kutchalitchi, reggae ndi rumba. Kodi zimene ndikudziwazi zingandithandize?

Kwambiri. Woimba reggae akamadula chord pa nsambo zitatu zoonda, ndi triad imeneyo. Gitala yotsogolera ya rumba ya ku Congo imayenda m'magwiridwe omwewo kumtunda kwa ma fret. Kwela, imene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaikulitsa kuno, ndipo Gerhard Kubik wa ku Vienna anayamba kuifufuza atakumana nawo mu 1967, imazungulira pa ma chord atatu a major, I, IV ndi V, monganso marabi a ku South Africa. Munthu wokulira m'nyimbo zimenezi amamva kusintha kwa ma chord m'thupi, chinthu chimene ophunzira ena amachisaka zaka zambiri m'mabuku.

Zimene muyenera kuwonjezera ndi zitatu. Mu jazz kiyi imasuntha pakati pa nyimbo, ndiye magwiridwe anu muwadziwe m'makiyi onse 12, makamaka F, Bb, Eb ndi Ab amene oimba malipenga amawakonda ndipo oimba gitala amawathawa. Ma triad a diminished ndi augmented, amene kutchalitchi sawoneka kawirikawiri, muwazolowere. Ndipo muphunzire kuika triad pa chord imene si ya dzina lake, E minor pa C, F pa D minor, zimene poyamba dzanja limakana.

Ndilibe bandi yoyeserera nayo. Ndingadziwe bwanji kuti ndikupita patsogolo?

Sankhani nyimbo imodzi mukhale nayo milungu ingapo. Autumn Leaves ndi yabwino, kapena Blue Bossa ya Kenny Dorham, imene inatuluka pa chimbale cha Joe Henderson cha Page One mu 1963 ndipo ili ndi ma bar 16 okha. Jambulani ma chord ake pa foni mukuimba pang'onopang'ono. Ulendo woyamba imbani noti imodzi pa bar, yachitatu ya chord iliyonse. Wachiwiri manoti awiri, wachitatu triad yonse, osalola dzanja kuchoka pakati pa fret 5 ndi 9. Malire amenewa ndi amene amakukakamizani kupeza noti yapafupi. Muziimbanso ndi pakamwa zimene zala zikuchita, chifukwa chimene pakamwa sipangathe kutsatira, khutu silinachigwire.

Kenako zimitsani ma chord aja, musiye metronome yokha ikugunda pa biti yachiwiri ndi yachinayi, mujambule solo yanu yokhayokha. Mumvetsereni mnzanu wodziwa nyimboyo osamuuza dzina lake. Akatha kuloza pamene chord yasinthira, kapena kutchula nyimboyo, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Kuti mumve mmene zimakhalira zikapsa, pezani Way Out West ya Sonny Rollins ya 1957. Muli saxophone, besi ya Ray Brown ndi ng'oma za Shelly Manne, mulibe piyano kapena gitala, koma chord iliyonse mukhoza kuitchula.